Chilumba Chopanda Abale

LOLEMBA

Tchuthi chavomerezedwa! Sabata yathunthu, kuyambira Lolemba likudzali. Abwana asaina osafunsa kanthu. Chikalatacho ndachiika ndekha m'fayilo yake, pakuti wosunga mafayilo pa ofesi pathu ndine, ndipo dzanja la munthu wina sindilikhulupirira.

Cholinga cha tchuthichi ndichilembe momveka, kuti pasadzakhale kutsutsana pambuyo pake. Tiyese akwatiwa mwezi wa mawa, apita ku Kitwe. Mwana ndi yekhayo. Lero ndayesa kukumbukira tsiku limene ine, amayi ake aNaphiri ndi iye tinadyapo atatu okha, popanda mlendo pambali. Silikupezeka. Ine amene ndimapeza kalata yotayika kalekale kuseri kwa kabati, tsiku limodzi la m'nyumba mwanga momwe silikupezeka!

Chifukwa chake n'chodziwika. Nyumba yathu ili pa boma la Chadiza, kumbuyo kwa msika, pafupi ndi chipatala ndiponso pamene minibasi za ku Chipata zimadikirira anthu. Motero si nyumba ayi, ndi siteshoni. Wodzazulitsa dzino amagona pano. Wodzagulitsa mtedza amagona pano. Wodzatenga chitupa amagona pano, ndipo akauzidwa kuti abwerenso mawa, amagonanso. Panopa pa mpando wanga pakhala bambo wina wa chifuwa, amene aNaphiri akuti ndi mwana wa msuweni wa malemu atate awo. Dzina lake sindikulidziwa. Wavala masilipasi anga.

Chigamulo: tipite ku chilumba.

Zoyenereza malowo:
1. Akhale ozunguliridwa ndi madzi mbali zonse.
2. Ngolo, njinga ndi minibasi zisathe kufikako.
3. Kusakhale mbale, wa kuchimuna kapena wa kuchikazi.
4. Foni isagwire.

Ndayala mapu patebulo. Zilumba zoti tisankhepo zilipo zitatu.

Likoma, m'nyanja ya Malawi. Amati kuli tchalitchi chachikulu ndi milambe yambiri.

Chilubi, m'nyanja ya Bangweulu. M'dziko mwathu momwe muno, sipafunika kuwoloka malire.

Zanzibar, m'nyanja ya mchere. Chimenechi chachokera m'foni ya Tiyese. Madzi ake pa chithunzi ndi obiriwira mokayikitsa.

Funso la aNaphiri: "Nanga anthu tiwatsazika liti?"

Ndayankha kuti titsazika anthu awiri okha: amayi awo, ndi mlongo wawo a Yotamu, amene ndiwo malume a Tiyese, eni mbumba. Ena onse adzamva titabwerako. ANaphiri andiyang'ana nthawi yaitali, kenaka apita kukapatsa mlendo uja bulangete.

Fayilo yatsegulidwa. Mutu wake: ULENDO WA BANJA, ANTHU ATATU. Mawu akuti ATATU ndawalemba mzere kunsi.

LACHIWIRI

M'mawa. Chisankho, mwachinsinsi, m'chipinda chogona, pogwiritsa ntchito chipewa changa. Zotsatira: Likoma voti imodzi, Chilubi voti imodzi, Zanzibar voti imodzi. Palibe wopambana. Dongosolo layenda bwino kwambiri, koma silinathandize kanthu.

Zifukwa za aliyense:

ANaphiri akufuna Likoma chifukwa kumeneko akatha kufunsa mtengo wa nsomba m'chinenero chawo.

Tiyese akufuna Zanzibar chifukwa cha zithunzi.

Ine ndikufuna Chilubi chifukwa sindinamvepo munthu wa ku Chadiza akunena kuti akuchokera kumeneko.

Masana. Mfundo yofunika imene tonse tinaiiwala: pa atatufe palibe wodziwa kusambira. Madzi aakulu amene ndinawaonapo ndi a damu. Ndagula zigubu zitatu zachikasu, zopanda kanthu, zotseka bwino. Chigubu chopanda kanthu sichimira. Zimenezi tinaphunzira ku sekondale. Pa chilichonse ndalembapo dzina la mwini wake.

Madzulo. Kuyeserera pabwalo. Malamulo: ndikaimba likhweru, aliyense athamangire chigubu chake, achikumbatire pachifuwa, agone chafufumimba pa mphasa, apalase ndi miyendo. ANaphiri akana. Akuti iwo akamira ali chikhalire, mwaulemu. Tiyese wayesa kamodzi n'kugwa ndi phwete. Ndachita ndekha kuti aonere chitsanzo. Mlendo wa chifuwa uja waomba m'manja.

Nditatukula mutu, pamwamba pa mpanda pali nkhope. Zambiri.

Wina wafunsa Tiyese chimene chachitika ndi atate ake, ndipo mwanayo, pofuna kunditchinjiriza, wayankha kuti: "Ali bwinobwino, akungokonzekera Zanzibar."

Dzuwa lisanalowe, pakhomo pafika anthu otsatirawa, aliyense ndi odi waulemu ndi chikhumbo chake:

Mayi wogulitsa zitenje, kuti tikamuwonere mitundu yatsopano ku Dar es Salaam, popeza ndi panjira.

Wokonza njinga zamoto, ndi kachitsulo kothyoka m'pepala, kuti tikamupezere kofanana nako.

Aphunzitsi ena, kuti tikawatengere madzi a m'nyanja m'botolo, ana asukulu adzalawe mchere.

Agogo ena oyandikana nafe, kuti tikafunse za mwana wawo amene anapita ku Tanzania pa lole osabwerako. Ndi wamtali, akuti, woderako.

Ulendo wotere si tchuthi ayi, ndi ntchito ya positi ofesi. Zanzibar chachotsedwa. Tiyese wadandaula pang'ono, kenaka wanena kuti pasipoti alibe ndi kale.

Ndafunsa mwamphamvu kuti waulula chinsinsi ndani. Yankho la aNaphiri: "Munthu wa tayi wagona pa mphasa, wakumbatira chigubu, akupalasa fumbi. Ndiye mukufunsa waulula ndani?"

Funsolo ndalichotsa.

LACHITATU

Ku Zingalume, kukatsazika. Ndapempha chilolezo cha theka la tsiku. Njinga ziwiri, aNaphiri pa kaliyala ya yanga, Tiyese pa yake. Mphepo ya Ogasiti, fumbi mpaka m'mano.

Apongozi amakhala patali ndi mudzi, pa kamtunda kutsidya kwa dambo, pamodzi ndi a Yotamu ndi banja lawo. Pa dambopo timawoloka pa chipika, njinga paphewa. Foni ikangofika pamenepo imafa. Malo osayenera anthu a msinkhu wawo. Ndakhala ndikunena zimenezi zaka zambiri.

Ndinakonza mawu anga m'ndime zitatu. Koma mkamwini sakhala maso ndi maso ndi apongozi ake. Iwo ali pakhonde, ine pa kampando kuseri kwa nkhokwe, ndayang'ana ku mpanda wa mbuzi. ANaphiri akhala pakati, kunyamula mawu.

Ine: ulendowu ndi wopumula, wa banja laling'ono, wokonzedwa mosamala, ndipo sukufunika thandizo la munthu wina aliyense.

ANaphiri kwa amayi awo: "Akuti tikupita kunyanja."

Apongozi alankhula nthawi yaitali, mokweza ndi motsitsa, atchula maina ambiri, aomba m'manja kawiri.

ANaphiri kwa ine: "Akuti chabwino."

Pa ofesi pathu wonyamula mauthenga wotere sangathe sabata.

Pang'onopang'ono zenizeni zatuluka. Njira ya ku Likoma imadutsa pa Mchinji. Ku Mchinji kunagwa maliro a mng'ono wawo wa apongozi chaka chatha, ndipo ife sitinapepese. Kudutsa pamsewu osapatuka, anthu akamva, ndi mlandu. Tikapatuka pa Mchinji, a ku Namitete amva. A ku Namitete akamva, a ku Lilongwe amva. Kunyanja komweko kulinso mdzukulu wina, namwino, amene akuti adzalira tikapanda kugona kwake. Ndawerengera pamtima: tchuthi chonse chithera m'mapepeso, nyanja tidzaiona pa kalendala ya m'nyumba ya munthu.

Likoma chachotsedwa, malinga ndi mfundo yachitatu. ANaphiri sanatsutse. Abalewo ndi awo.

Kenaka a Yotamu. Munthu wamkulu thupi, wa chipewa cha ubweya ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Mawu awo, monga ndawamvera:

"Alamu, inu munabereka, tikuthokoza. Koma mwanayu ndi wanga. Mwana woti ukwati wake uli pakhomo sawoloka madzi aakulu popanda malume ake. Akagwamo, anthu a ku Kitwe adzafunsa ine, osati inu."

Ndawafotokozera za zigubu.

"Gulani chachinayi," atero.

Ndanena kuti nkhaniyo iganiziridwa. Pa ofesi mawu amenewa amatanthauza ayi. Sindikudziwa ngati ku Zingalume amatanthauza chimodzimodzi.

Funso lomaliza la apongozi, kudzera mwa aNaphiri: nyumba ya pa boma aisunga ndani? Ndayankha kuti ndili ndi loko wamkulu wa makiyi awiri. Kuseri kwa nkhokwe ndamva kuseka. Akuti loko sakoleza moto, sasesa pabwalo, sayankha odi.

Tabwerako ndi nkhuku yamoyo ndi dengu la mbatata. Chatsala chilumba chimodzi. Changa!

LACHINAYI

Ndadzuka wokondwa. Chilubi! Kulibe msuweni, kulibe maliro osapepesa, kulibe wofuna kachitsulo ka njinga yamoto. Ndaimba nyimbo posamba, mpaka mlendo wa chifuwa wafunsa ngati kwagwa zabwino.

Njira ndailemba: Chipata, Lusaka, Samfya, kenaka bwato. Ndi kutali koopsa. Ndicho chokoma chake.

Zonyamula:
Zigubu zitatu. Zitatu!
Maneti a udzudzu.
Tochi.
Malaya oyera, tayi wa tsiku ndi tsiku, tayi wa Lamulungu.
Mapu.
Mankhwala a chizungulire.

ANaphiri awonjezera mpoto, mthiko ndi ufa, akuti sangadye nsima ya chinangwa sabata yonse. Ndalola.

Ku ofesi, tsoka. Ndinaiwala a Chanda a m'chipinda choyandikana ndi changa. A Chanda ndi Mbemba. Ife a Kum'mawa ndi Abemba tili pachimbuya: amaloledwa kutiseka ndi kutinyoza paliponse, ngakhale pa maliro, ndipo kukwiya n'koletsedwa. Mwambo umenewu ndimaulemekeza, koma sindinaukondepo.

Alowa osagogoda, akhala pa tebulo langa, pamwamba pa mafayilo!

"A mbuya! Mukupita kwathu mozemba? Mukuopa kuti tikakulandani mbewa zanu pa doko?"

Ndafunsa kuti kwawo n'kuti, popeza fayilo yawo imati Kasama.

"Atate ndiwo a ku Kasama. Amayi ndi a pa Chilubi penipeni!"

Fayilo yosakwanira. Ndakhala ndikunena kuti mafomu athu alibe mzere wa kwawo kwa amayi.

Ndisanawaletse aimba foni. Yagwira! Pa chilumba, foni yagwira kamodzi n'kamodzi! Mfundo yachinayi yagwa ine ndikuona. Alankhula Chibemba chothamanga ndi azakhali awo, akuseka mpaka kupukuta misozi, akundiloza ndi chala ngati kuti azakhaliwo akundiona.

Uthenga wochokera ku Chilubi: tikalandiridwa pa doko ndi banja lonse. Za nyumba ya alendo tiiwale, tikagona kwawo. Akuti chiyambire sanaonepo munthu wa ku Chadiza m'bwato, mudzi wonse ubwera kudzaonerera. Mbewa tinyamule zathu, koma tizidulire matikiti.

Ndafunsa a Chanda kuti pa chilumbapo Abemba ndi anzawo a chimbuya alipo angati.

"Onse, a mbuya. Kuyambira wopalasa bwato mpaka abusa."

Ndinkathawa abale makumi angapo. Ndapeza chilumba chathunthu cha anthu amene ali ndi ufulu wondiseka kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Komabe sindigonja. Wachimbuya si mbale weniweni. Mfundo yachitatu sinatchule chimbuya. Tikagona kwa azakhaliwo usiku umodzi, mwaulemu, kenaka tikapeza kathu kakachetechete. Chilubi chikugwedezeka, koma sichinagwe.

Tiyese wasita malaya anga oyera osauzidwa. Wafunsa ngati m'bwato tidzakhala pamodzi. Ndati inde, iye pakati.

LACHISANU

Ndikuweruka masana, ndapeza ngolo pakhomo. Ng'ombe ziwiri zikudya maluwa a aNaphiri.

Zotsika m'ngolo, monga ndaziona ndi maso anga:
Apongozi, ndi mphasa yawo.
A Yotamu, ndi sutikesi yomanga ndi lamba, ndiponso chigubu chawochawo, chabuluu.
Akazi awo a Yotamu.
Ana awo, onse.
Matumba a mtedza wosaswa, kuti anthu asakhale manja lende.
Nkhuku m'chitatanga, popeza kumudzi kulibe wozidyetsa.
Mbuzi ziwiri, pa chifukwa chomwecho.
Galu sanakwere, wabwera pansi.

Abwera kudzasunga nyumba.

Ndakumbutsa aNaphiri za loko. Akuti ndikawauze ndekha amayi awo. Akudziwa bwino lomwe kuti sindingathe.

Apongozi ayala mphasa m'chipinda chochezera, patsogolo pa wailesi ya kanema, pakati penipeni pa khomo la kuchipinda kwanga ndi khomo la kunja. Sindingadutse pamaso pawo. Sindingawalumphe. Ndadikira kuti mwina atuluka. Sakutuluka, akuonera anthu akuvina. Ndatulukira pa zenera. Zimenezi sizilowa m'fayilo.

Ndili pakati pa kutsika, mwendo umodzi kunja, wina m'kati, pa geti paima njinga. Mlongo wanga a Esinati, ochokera kwathu ku Pembamoyo, ndi ana awo aakazi awiri, mtondo waung'ono ndi mthiko wawowawo. Nkhani inawapeza ku chigayo.

"Achimwene, nyumba yanu isungidwe ndi akuchikazi okha, ngati inu munagwa kumwamba? Ife tinafa?"

Kenaka: "Nanga pa zenerapo mukutani?"

Ndati ndikuyesa ngati akuba angathe kulowa.

Madzulo pabwalo pali moto pawiri, wa a Zingalume kumanzere, wa a Pembamoyo kumanja. Mbali iliyonse yanditumizira chakudya, ndipo mbali iliyonse ikuyang'ana kuti ndiyamba mbale iti. Ndadya zonse ziwiri, nthongo kuno, nthongo uko, mosakondera. Mimba yalemera ngati kabati.

Mlendo wa chifuwa wachira, koma akuti sangachoke nthawi ino pamene nyumba ikufuna anthu.

A Yotamu apeza mpira pa kanema. Akukalipira osewera ngati ng'ombe za pa goli. Pa nthawi yopuma afunsa kuti tinyamuka liti, kuti asavule nsapato pachabe.

Mbuzi yadya ngodya ya mapu. Mbali ya Bangweulu.

Tiyese wapereka chipinda chake kwa azakhali ake; iye agona kukhitchini, pakati pa matumba a mtedza. Wabwera pa zenera langa ndi kapu ya tiyi, walankhula motsitsa: "Atate, zisiyeni. Tidzadya atatu tsiku lina."

Tsiku lina liti? Mwezi wa mawa adzakhala wa eni ake. Ndalandira kapuyo. Tiyi anali wopanda shuga, shuga watha.

LOWERUKA

M'mawa. Akulu a mpingo afika kudzatipempherera. Sindinawaitane, koma sindingadandaule, pakuti ukanakhala ulendo wa wina, inenso ndikanapita nawo kukapempherera. Pemphero lalitali, lamphamvu. Atchula mafunde, namondwe, ng'ona, mvuu, mabwato obooka, ndi akazi amasiye. Pamene amati ameni, aNaphiri anali atagwira chigubu chawo koyamba.

Atangotuluka akulu a mpingo, a Chanda. Pa Loweruka! Abwera ndi katoni ya nyemba ndi nsapato za ana zoti tikapereke kwa azakhali awo. Aona chikhamu pabwalo, akondwa kwambiri, aimbanso foni pomwepo. Uthenga watsopano wochokera ku Chilubi: malo alipo ambiri, tibwere tonse. Malume abwere. Alongo abwere. Apongozi asatsale, kuli mankhwala abwino a miyendo.

A Yotamu avomera m'malo mwa banja. A Esinati akuti ngati akuchikazi akupita, iwonso akupita. Ana ayamba kulimbirana zigubu.

Ndalowa m'chipinda, kudzera pa zenera. Ndatenga cholembera chofiira. Chilubi chachotsedwa.

Zilumba zotsala: palibe.

Masana. Msonkhano wa ine ndi aNaphiri kuseri kwa bafa, malo okhawo opanda munthu. Ndawauza kuti ulendo walephereka, ndipo Lolemba ndikabweza tchuthi. Ndayembekeza mawu akuti ndinakuuzani. Sanawanene. Afunsa funso limodzi:

"Kodi ku Zingalume kwatsala ndani?"

Ndayamba kutchula. Apongozi ali pano. A Yotamu ali pano. Akazi awo, ana, nkhuku, mbuzi. Galu ali pansi pa tebulo langa.

"Nanga nyumba ya amayi akuisunga ndani?"

Palibe. M'zaka zonse za ukwati wathu sindinawaonepo aNaphiri akutsegula fayilo, koma nkhani iyi aitseka ndi mafunso awiri.

Apita kukalankhula ndi amayi awo. Ine ndamvetsera kunja kwa zenera, ndayang'ana kumbali monga mwa mwambo. Apongozi akuti iwo za bwato sakuzifuna n'komwe. Akufuna sabata ya magetsi, madzi a pampopi, ndi kukaonetsa maso ku chipatala. Kenaka akweza mawu, kuti adutse mwana wawo afike kwa ine mwachindunji, koyamba chikwatirire:

"Auzeni akamwiniwo akandisungire nyumba. Chitseko n'chomanga ndi waya. Asakaikeko loko wawo uja."

A Yotamu afunsa ngati pa ulendo watsopanowu mwana awoloka madzi aakulu. Ndati pa dambo pokha, pa chipika, madzi ofika m'kakolo. Aganiza. Ayang'ana sutikesi, ayang'ana kanema. Madzulo ano kuli mpira wina. Agamula kuti dambo akulidziwa, mwana angathe kuwoloka ndi atate ake. Avula nsapato.

A Esinati akuti iwo sasuntha. Akachoka, akuchikazi atenga khitchini yonse.

A Chanda aseka mpaka kukhala pansi. "Munthu wa Kum'mawa! Wayang'ana mapu a dziko lonse, wasankha kumene kuli mbewa!" Katoni yawo abwerera nayo.

Ngolo inali yobwereka, ikubwerera kumudzi yopanda kanthu. Takwera. Masutikesi, maneti, mpoto, zigubu zitatu. Tiyese pakati, monga ndinalonjeza. Anthu a pamsika atibayibitsa, ena akufuula kuti tikawatengere nsomba. Sindinaname kwa munthu aliyense. Ndangokweza chipewa.

Ngolo imagwedeza. Mankhwala a chizungulire agwira ntchito.

LAMULUNGU

Ndadzuka popanda kutsokomola kwa mlendo. Palibe tambala, palibe mbuzi, palibe galu. Onse ali ku boma. Ndatulukira pa khomo, ngati munthu.

Mapemphero ku katchalitchi ka kutsidya kwa dambo. Anthu adabwa. "Kodi si inu munapita kunyanja?" ANaphiri: "Tikusunga nyumba ya amayi." Basi. Palibe funso lachiwiri, palibe wotituma kanthu, palibe wofuna kutiperekeza. Kupita ku chilumba kunafuna kufotokoza sabata yathunthu. Kusunga nyumba aliyense akukumvetsa.

Kuunika malowa malinga ndi zoyenereza za Lolemba:

Mfundo yoyamba, madzi mbali zonse. Yalephera. Kumadzulo kuli dambo; mbali zina zonse ndi mapesi a chimanga ouma. Mphepo ikawomba amachita phokoso limene Tiyese akuti likufanana ndi mafunde. Sindinamvepo mafunde, choncho sindingatsimikize.

Mfundo yachiwiri. Ngolo inatisiya kutsidya, katundu tinasenza. Yakwaniritsidwa.

Mfundo yachitatu. Abale onse, a kuchimuna ndi a kuchikazi, ali m'nyumba mwanga, akudya ufa wanga. Yakwaniritsidwa.

Mfundo yachinayi. Foni yafa pa chipika. Yakwaniritsidwa.

Zitatu mwa zinayi. Likoma, Chilubi ndi Zanzibar palibe chimene chinafikapo pamenepa. Ndiyenera kuvomereza, ngakhale zikundiwawa, kuti malo amene ndakhala ndikuwanyoza zaka zonsezi apambana mpikisano umene sanalowe nawo.

Zigubu tatungira madzi pa chitsime cha m'dimba. N'zabwino kwambiri, sizidontha. Changa ndasenza ndekha, tayi wa Lamulungu ndili naye m'khosi. Panalibe wosuzumira pa mpanda.

Nyanja sindinaione. Mwina sindidzaiona. Mapu ali ndi bowo pamene panali Bangweulu. Kunyumba shuga watha, maluwa atha, ndipo masilipasi anga sindikuyembekeza kudzawapezanso.

Nkhomaliro pakhonde la apongozi. Mbatata, chigwada chotendera, mazira amene nkhuku zinasiya m'chisa pothamangira ngolo. Mbale zitatu. Ndaziwerenga, ngakhale panalibe chifukwa. ANaphiri afotokoza mmene ndinadzawafunsira mbeta pa khonde lomweli, nditalemba mawu anga pa pepala, mphepo n'kuliulutsira m'khola. Tiyese sanaimvepo nkhani imeneyi. Panalibe nthawi yomuuza. Nthawi zonse pamakhala mlendo. Waseka mpaka kutsamwa, amayi ake amumenya pamsana. Ine ndakonza mfundo ziwiri zimene zinanenedwa molakwa, kenaka ndasiya, pakuti yolakwayo imakoma kuposa yoona.

Tikutsuka m'manja, wafunsa: "Atate, ku Kitwe mudzabwera?"

Ndati ndidzabwera, koma ndidzayamba ndalemba kalata, kutchula tsiku lofika ndi tsiku lochoka, kuti ndisakhale cholemetsa pa banja la eni.

"Musadzalembe. Mudzangofika, ngati abale onse. Masilipasi mudzawapeza."

Ndayang'ana ku mapesi kwa kanthawi. Fumbi la Ogasiti limavuta m'maso.

Fayilo yatsekedwa. Chilumba sichinapezeke. Anthu atatu, onse alipo.